Chaka Chimene Mfumu Sinatuluke Thukuta

Mu Ufumu wa Zilibwino nyengo sinkangofika yokha ngati mbuzi yosokera. Inkayamba yadzera kunyumba yachifumu. Mwambo wake unali wakalekale, ndipo ana asukulu ankauloweza pamtima: kukazizira, anthu azidikira mpaka mfumu itanjenjemera, kenako nkhokwe ya mabulangete itsekulidwe; kukatentha, azidikira mpaka mfumu itatuluka thukuta, kenako chitseko cha Damu la Dikirani chitsekulidwe kuti madzi apite kumadimba. Makolo amene anakhazikitsa mwambowu sanali opusa. Ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho kiyi azisunga munthu amene khungu lake likumva zimene aliyense akumva.

Thukuta lake silinali lililonse ayi. Linkayenera kukhala dontho lochoka pachibwano cha mfumu, masana, anthu akuona, n'kugwera pa mpango woyera. Wogwira mpangowo anali ndi ofesi yakeyake, ndipo chaka chimene tikunenachi anali Sungeni Mbendera.

Sungeni anaphunzira za nyengo zaka zinayi kusukulu ya ukachenjede ya mumzinda wa Tamvani. Ankadziwa mayina a mitambo, ankadziwanso kumene mphepo ya mwera imachokera ndi chimene imadzera. Atamaliza anakhala zaka ziwiri akuponya makalata ofunsira ntchito, mpaka tsiku lina anamuitana kunyumba yachifumu. Anamufunsa mafunso awiri okha: ngati dzanja lake limanjenjemera, ndi ngati amatha kuchapa zoyera. Anapambana anzake makumi anayi, onse a madigiri. Pachitseko cha ofesi yake analembapo kuti: Wolandira Wamkulu wa Thukuta la Mfumu. Amayi ake, a Nasibeko, ankauza anzawo kumsika kuti mwana wawo amagwira ntchito pafupi kwambiri ndi mfumu, ndipo sankanama.

Chaka choyamba ntchitoyo inali yosavuta. Mfumu Mtimapansi Wachiwiri inali munthu wathupi, wansangala, wokonda mbatata yootcha ndi kumva zabwino, ndipo inkatuluka thukuta ngakhale posenda nthochi. Sabata yoyamba ya Sepitembala dontho linagwa, ng'oma inalira, madzi anayenda.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Ogasiti, kunabwera akazembe ochokera kudziko la Tikupatsani. Anabweretsa suti ya buluu, jekete ndi thalauza lake, yosokedwa ndi nsalu imene ankaitcha nsalu yanzeru. Anafotokoza kuti kukatentha ulusi wake umatakasuka, timabowo timatsekuka, ndipo kamphepo kamayenda pakhungu ngati munthu wakhala pansi pa mtengo wa mango. Kukazizira ulusi womwewo umafinyana n'kusunga kutentha ngati nkhuku yofungatira mazira.

"Wovala suti imeneyi, Wawa, samvanso nyengo," anatero wamkulu wa akazembewo.

Nduna zonse zinaomba m'manja. Sungeni yekha, ali kumbuyo ndi mpango wake wopindidwa bwino, sanaombe, chifukwa anamva mawuwo bwinobwino.

Mfumu inavala sutiyo, inatembenuka kawiri pagalasi, ndipo sinafunenso chovala china. Ochapa ankaitenga mfumu ikalowa kubafa, n'kuibweza isanatuluke.

Sepitembala anatha. Okutobala analowa ndi dzuwa loswa mitengo. Agalu ankagona pansi pa ngolo malilime ali panja, phula la msewu wa ku Tamvani linkalanda anthu mapatapata, ndipo nyenje zinkalira mpaka munthu kuiwala chimene amafuna kunena. M'dirowa ya Sungeni munali kachipangizo ka galasi koyezera kutentha, kamene anagula ali pasukulu. Tsiku ndi tsiku kankaloza madigiri makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

Masana aliwonse mfumu inkakhala pakhonde lachifumu ola limodzi, monga mwambo unkafunira, ndipo Sungeni ankagwada pambali pake atatchera mpango pansi pa chibwano. Chibwanocho chinali chouma ngati mbale yotsukidwa dzulo.

"Sungeni, mwana wanga," inatero mfumu tsiku lina, "chaka chino dzuwa lachedwa, eti?"

"Wawa, ena akuti lafika."

"Ena ndani?"

Sungeni asanayankhe, a Nkhanizabwino anali atatsokomola kale. Iwowa anali Nduna ya Nyengo ndi Zochitika Mumlengalenga, munthu wowonda, wa mawu osalala, amene chilowereni ntchito anali asanabweretsepo uthenga wokhumudwitsa.

"Anthu ansanje, Wawa," anatero. "Chaka chino, chifukwa cha utsogoleri wanu, dzuwa laganiza zotiopa."

Mfumu inaseka mokondwa n'kuitanitsa mbatata.

Vuto linali lakuti nduna zenizenizo zinkatuluka thukuta. Bwalo la nduna linakumana masiku awiri kukambirana nkhaniyi, mazenera ali otseka kuti mphepo isamve zinsinsi za boma. Tsiku lachitatu olengeza anazungulira dziko lonse ndi lamulo latsopano:

"Tamverani, anthu a Zilibwino! Popeza mfumu sinatuluke thukuta, kunja kulibe kutentha. Popeza kulibe kutentha, madimba sakufuna madzi. Aliyense wotuluka thukuta mfumu isanatuluke akutsogolera mfumu, ndipo adzasesa bwalo lachifumu masana kufikira thukuta lake litauma."

Olemba lamulowo sanaganize kuti munthu wosesa bwalo masana thukuta lake siliuma. Pomatha sabata, osesa anali atakwana mazana awiri, ndipo bwalo linayera kwambiri moti nyerere zinasamuka.

Nduna, pofuna kuonetsa kukhulupirika, zinayamba kuvala masuti aubweya ndi majuzi mkati. Zinkapisa nyuzipepala m'khwapa, ndipo zikamayenda zinkamveka tswatswatswa ngati mbewa m'nkhokwe. Nduna ya Zamaphunziro inakomoka ikutsekulira chimbudzi cha sukulu ina. Wailesi inalengeza kuti inagwa ndi chimwemwe.

Sungeni anayamba wayesa njira imene anaphunzira. Analemba lipoti la masamba khumi ndi awiri, la mizere yokwera ndi yotsika, n'kupita nalo kwa a Nkhanizabwino pamodzi ndi kachipangizo kake.

Anduna anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kukayang'ana ngati nsikidzi.

"Mayi Mbendera, kagalasi aka kanalongedwa ufumu liti?"

"Sikanalongedwe, Olemekezeka. Kamangoyeza."

"Ndiye kakuyeza m'dzina la yani?" Dontho linachoka pamphuno pawo n'kugwera pa tsamba loyamba la lipotilo. Onse awiri analiyang'ana. Kenako anduna anaphimba pamenepo ndi chigongono. "Denga la ofesi ino limadontha," anatero. "Pitani mukachape mpango."

Anayesanso njira ya kukhitchini. Ananyengerera wophika kuti athire tsabola wa kambuzi wochuluka m'nkhuku ya mfumu. Koma chakudya cha mfumu chimayamba chalawidwa. Wolawa, bambo wachikulire wopanda chifukwa ndi munthu, anadya nthuli imodzi, anatuluka thukuta mpaka m'makutu, ndipo madzulo ake anali ndi tsache m'manja. Sungeni akamadutsa pabwalopo ankayang'ana kumbali.

Loweruka anapita ku Msika wa Tidyenji kukaona amayi ake. Pachipata panali apolisi awiri oyang'ana pamphumi pa anthu. Anamva wina akufunsa mayi wosenza beseni la usipa:

"Mayi, n'chiyani icho pankhope?"

"Mame, achimwene."

"Mame masana ano?"

"Achedwa. Zonse zachedwa chaka chino."

Mumsikamo anthu anali atasintha ngakhale moni. Wina akati, "Mwaswera bwanji?" mnzake ankati, "Tikuzizidwa ndithu, kaya inu." Wogulitsa madzi a m'mapepala ankakuwa kuti, "Ofunditsa m'mimba! Ofunditsa m'mimba!" ndipo ankatha msanga kuposa kale.

A Nasibeko anali pabenchi yawo ya tomato, mwendo umodzi atautambasula. Dimba lawo linali kumunsi kwa damu, mizere makumi awiri, ndipo ndilo linalera Sungeni kuyambira pamene bambo ake anamwalira. Tsopano ngalande inali youma, ndipo mayiwo ankasenza madzi kuchokera kumjigo wa kuseri kwa tchalitchi, maulendo asanu ndi atatu m'mawa uliwonse, ndi bondo lotupa.

"Maluwa ayamba kuthothoka," anatero osayang'ana mwana wawo. "Sabata ikubwerayi ikatha popanda madzi, ndizula. Sindingathe kumwetsa mizere yonse ndi mutu umodzi."

"Ndikuyesa, Amayi."

"Iwe umagwada pafupi ndi munthuyo tsiku lililonse. Sungangomutsina?"

"Kutsina kumatulutsa misozi, Amayi, osati thukuta."

"Ndiye umukumbutse za apongozi ake. Bambo ako ankangomva dzina la agogo ako, malaya onse nyowe."

Sungeni anaseka, koma anaona mmene amayi ake anagwirira benchi podzuka, ndipo anawagwira mkono.

Moyang'anizana ndi mabenchi a tomato munayambira mzere wa amayi a kaunjika, mabenchi makumi awiri ndi atatu. Benchi yoyamba inali ya a Nangondo, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene anagulitsa zovala zaka makumi atatu. Mu Zilibwino monse zinkadziwika kuti nsalu imene amayi a kaunjika a ku Tidyenji sanaiyamikire si nsalu. Ngakhale akwati ankabwera ndi madiresi awo kudzamva chigamulo.

Nthawi imeneyo bambo wina wa njinga ya kabaza anaima pabenchi ya a Nangondo kufuna kusinthitsa jekete yake ndi ina.

"Vulani," anatero a Nangondo.

"Simungaione ndili chivalire? Ndi yabwinobwino."

"Vulani, bambo."

Anavula, n'kutsala ndi vesiti. A Nangondo anaitembenuza kunja kukhala mkati. Anakoka msoko uliwonse. Ananunkhiza kukhwapa. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutikita kolala kuti aone ngati imasuluka. Anaitambasula moyang'anitsa kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Atatha anaipereka kwa mnzawo wa benchi yachiwiri, amene anayambiranso poyamba, n'kupatsira wachitatu. Jeketeyo inatsika ndi mzere wonsewo, mayi aliyense akunenapo zake, pamene mwini wake anangoti njo padzuwa, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana uku ndi uku kuopa apolisi.

Sungeni anayang'ana wotchi yake. Jekete inabwerera patatha mphindi makumi atatu ndi zisanu.

"A Nangondo," anafunsa, "bwanji simuona chovala chili pathupi?"

"Iwe mwana wa a Nasibeko, sukulu yonse ija sanakuuzeni? Pathupi chilichonse chimaoneka chabwino, chimabwereka ulemu wa wovala. Nsalu imanena zoona ili m'manja."

"Chovala cha aliyense?"

"Ngakhale mkanjo wa abusa."

Sungeni anayang'anitsitsa jekete ija, moti amayi ake anamufunsa ngati dzuwa, limene kulibe lija, lamulowa m'mutu.

Lolemba masana, pakhonde, mfumu inali kusisita dzanja la jekete yake. Mwayi unabwera wokha.

"Kodi anthu akuti chiyani za suti yangayi?"

"Akuiimba m'nyimbo, Wawa," anatero a Nkhanizabwino. "Ana atatu obadwa mwezi uno awatcha dzina lakuti Suti."

"Nanga kumsika? Sungeni, amayi ako si ali kumsika?"

"Inde, Wawa." Sungeni anayang'ana pansi, monga mwana wolemekeza. "Amayi a kaunjika sananenepo kanthu."

Dzanja la mfumu linaima. "Sananenepo kanthu?"

"Akuti sanaione, Wawa."

Amayi a mfumu omwe, pamene inali mwana, sankaigulira kabudula asanamve maganizo a ku Tidyenji.

"Lachinayi tipita kumsika," inatero. "Akaione."

A Nkhanizabwino ananena kuti ganizo limeneli linali m'mutu mwawo kuyambira m'mawa.

Poweruka Sungeni anadzera pabenchi ya a Nangondo.

"Lachinayi kubwera kasitomala," anatero motsitsa mawu.

"Akufuna chiyani?"

"Ali ndi jekete."

A Nangondo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Anayang'ananso a Nasibeko, amene anali kutikita bondo. Kenako anapitiriza kupinda masiketi.

"Ine jekete iliyonse ndimaiona mofanana," anatero.

Lachinayi msika unadzaza. Mfumu inafika dzuwa lili paliwombo, bambo wamtali akuigwirira ambulera yaikulu yofiira, nduna zili pambuyo tswatswatswa. Sungeni anali kumapeto ndi mpango wake, chifukwa masana mpango suchoka pafupi ndi mfumu. A Nkhanizabwino anakwera pa kreti ya zakumwa n'kuwerenga mawu awo: kuti mayiko oyandikana nawo akupsa chifukwa chosowa utsogoleri, kuti Zilibwino ndi dziko loyamba kuthetsa chilimwe, ndiponso kuti chaka chamawa boma liganizira za mphepo. Anthu anaomba m'manja mwamphamvu, chifukwa kuomba m'manja kumabweretsako kamphepo.

Kenako mfumu inapita pabenchi yoyamba ya kaunjika, inatambasula manja n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Mayi, mwaiona nsaluyi?"

A Nangondo anagwada, anaomba m'manja katatu, n'kudzuka.

"Ndaona munthu wovala bwino, Wawa. Nsalu sindinaione."

"Si iyi ili pamaso panu?"

"Ili pathupi, Wawa. Kuno nsalu timaiona ili m'manja."

"Mfumu sivula pagulu!" anakuwa a Nkhanizabwino ali pakreti paja.

"Ndiye palibe kanthu," anatero a Nangondo modekha. "Tizingomva kuti ndi yabwino, monga timamvera zina zonse."

Mfumu inayang'ana mzere wa amayiwo, nkhope makumi awiri ndi zitatu zosaonetsa kanthu, ndipo inayamba kumasula mabatani. Mkati inali ndi vesiti yoyera yokha, yobooka pang'ono pamchombo. Anthu ambiri anayamba kuikonda mfumu yawo tsiku limenelo chifukwa cha kabowo kameneko.

"Thalauzanso?" inafunsa mfumu.

"Thalauza tisiye, Wawa. Pali ana."

A Nangondo analandira jekete ndi manja awiri. Anaitembenuza. Anakoka msoko wa paphewa, wa kumsana, wa kukhwapa. Ananunkhiza. Ananyowetsa chala n'kutikita kolala. Kenako anaitambasula m'mwamba, n'kukwinya nkhope.

"Bambo wa ambulera, mukunditchingira dzuwa. Tasunthirani uko."

Bamboyo anayang'ana mfumu. Mfumu, imene inkafuna chigamulo chachilungamo, inamukodola kuti asunthe. Mthunzi unachoka, ndipo dzuwa la Okutobala linakumana ndi mapewa achifumu koyamba chaka chimenecho.

Jekete inapita ku benchi yachiwiri, yachitatu, yachinayi.

"Yapepuka ngati tsamba la nthochi."

"Taikani dzanja mkatimu, anzanga. Mukuzizira ngati mumtsuko!"

"Ulusi uwu si wa kuno."

"Mabatani awa asokerera ndani? Bweretsani ndione."

Sungeni anagwada pambali pa mfumu n'kutchera mpango. Thukuta lake lomwe linali kutsika m'masaya, ndipo ankadziwa kuti dontho lake limodzi likagwera pa mpangowo, anduna adzati wadetsedwa ndipo mwambo udzaimitsidwa. Anautambasulira kutali ndi nkhope yake, mikono ili chiwongolere. Dzanja lija, limene linapambana anthu makumi anayi, linayamba kunjenjemera.

Pamphumi pa mfumu panayamba kunyezimira.

A Nkhanizabwino anaona. Anadumpha pakreti n'kuyamba kukupiza mfumu ndi mapepala a mawu awo.

"Bweretsani jekete! Yakwana nthawi! Ili kuti jekete?"

"Ili pa benchi ya khumi ndi chimodzi," anayankha wina. "Akuona matumba."

"Ibwere msanga!"

"Siidumpha benchi, Olemekezeka. Ikadumpha timayambiranso."

Timadontho tinasonkhana pamphumi, tinagwirizana, n'kuyamba ulendo. Tinadutsa pakati pa nsidze, tinatsika m'mbali mwa mphuno. Mfumu inamva kuyabwa, ndipo inakweza dzanja kuti ipukute. Ikapukuta, zonse zathera pomwepo.

"Wawa!"

Anali a Nasibeko. Anabwera akutsimphina, anagwada ndi bondo lawo labwino, n'kutambasula manja odzaza.

"Landirani kamphatso ka kudimba."

Mu Zilibwino mphatso imalandiridwa ndi manja awiri, ngakhale wolandirayo ndi mfumu. Mfumu inatsitsa dzanja lija n'kutchera onse awiri. A Nasibeko anakhuthuliramo tinthu tofiira, tokwinyika, tochepa ngati maso a nkhuku, tambiri moti mfumu ikanangosuntha chala tikanamwazika.

"Zikomo, mayi. Ndi nthudza izi?"

"Ndi tomato, Wawa. Wa chaka chopanda chilimwe."

Mfumu inaweramitsa mutu kuti ione bwino. Poweramapo, mtsinje wa m'mbali mwa mphuno unadutsa pamlomo n'kufika pachibwano. Dontho linalendewera pamenepo, likukula. A Nkhanizabwino anakupiza ndi mphamvu zawo zonse, ndipo dontholo linagwedezeka uku ndi uku. Sungeni anatsatira ndi mpango, kumanzere, kumanja, ngati munthu wotchera madzi a denga lodontha.

Tho!

Kadontho kotuwa, kozungulira, pakati penipeni pa mpango woyera.

Sungeni anaimirira n'kuukweza m'mwamba. Woimba ng'oma yachifumu sanabwere nawo, popeza palibe amene ankayembekeza kuti afunika, choncho mayi wa usipa uja anakhuthula beseni lake n'kuyamba kuliomba. Nthungululu zinamveka mpaka kuseri kwa tchalitchi. Apolisi a pachipata anavula zipewa n'kupukuta nkhope zawo poyera.

Mfumu sinaseke. Inali chiimire, tomato ali m'manja, vesiti itamatirira pamimba, ikupuma ndi pakamwa. Inayang'ana kumwamba, n'kutsinzina msanga.

"Kodi kunja kuno kwakhala chonchi?"

"Inde, Wawa," anatero Sungeni.

"Kuyambira liti?"

"Masabata asanu ndi awiri."

Mfumu inayang'ana tomato uja, inayang'ana bondo la a Nasibeko, kenako inatembenukira kwa nduna yake, imene suti yake yaubweya inali itanyowa ngati yagwera m'chitsime, inki ya nyuzipepala ikutsika m'manja.

"A Nkhanizabwino, inu simunamve kutentha konseku?"

"Wawa," anatero anduna mwaulemu waukulu, "ndimadikira inu."

Jekete inabwerera itamaliza mabenchi onse makumi awiri ndi atatu, osadumpha ngakhale imodzi. A Nangondo anaikung'untha, anaipinda pamkono, n'kutulutsa kiyi wamkulu wadzimbiri.

"Uyu anali m'thumba lamkati, Wawa. Mwambo wa kaunjika umati chopezeka m'thumba ndi cha wochipeza. Koma ine ndilibe damu."

Mfumu inalamula kuti kiyiyo athamange naye ku Dikirani nthawi yomweyo, ndipo anthu amene anamuperekeza anali ochuluka kuposa amene anaperekeza mfumu. Kenako inafunsa, mwamanyazi pang'ono:

"Nanga nsaluyi mwaiona bwanji?"

"Ndi yabwino, Wawa. Chiyambireni ntchitoyi sindinagwirepo yotere. Siisuluka, siikwinyika, msoko wake ndi wa munthu wodziwa." A Nangondo anakonza magalasi awo. "Kungoti ndi nsalu ya munthu wopanda anansi."

Mfumu inagwedeza mutu kwa nthawi, monga munthu amene wamva mawu akulu. Anthu ena amati inagwetsa msozi, ena amati linali thukuta lomwelo. Chimene onse anaona n'chakuti isanakwere galimoto inavalanso jekete ija, n'kupumira m'mwamba mosangalala. Mfumu nayonso ndi munthu.

Madzulo a tsiku lomwelo olengeza anazungulira ndi uthenga wochokera ku ofesi ya a Nkhanizabwino: kuti Mfumu Mtimapansi Wachiwiri, mwa chifundo chake chosatha, yalola kuti kutenthe kuyambira lero, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wotuluka thukuta malinga ndi msinkhu wake. Osesa mazana awiri aja anamasulidwa. Wolawa chakudya anabwerera kukhitchini, koma mpaka lero akaona Sungeni amabisa mbale.

Madzi anafika kudimba la a Nasibeko m'mawa mwake, akukankha zinyalala ndi masamba ouma m'ngalande. Mwa mizere makumi awiri ija, khumi ndi itatu inadzuka. Isanu ndi iwiri anazula, ndipo a Nasibeko anati imeneyo ndi ya boma.

Loweruka Sungeni anakhala pabenchi ya amayi ake akuthandiza kusanja tomato. Mpango unali utachapidwa kale n'kuikidwa m'dirowa, pambali pa kagalasi kosalongedwa ufumu kaja. Koma nkhope yake sinali yomasuka, ndipo a Nangondo anaona ali tsidya lina la kanjira.

"Watani mwana wa a Nasibeko? Madzi si abwera?"

"Ndikuganiza za Juni, a Nangondo. Kukadzazizira, mabulangete adzatuluka bwanji? Munthu uja sadzanjenjemera."

A Nangondo anapitiriza kupinda thalauza limene linali m'manja mwawo, mwendo ndi mwendo, osafulumira.

"Batani lachitatu likugwedera," anatero. "Ndinaliona, koma sindinanene. Pofika Juni lidzafunika kuonedwa ndi mabenchi onse." Anaika thalauzalo pamulu n'kulisalaza ndi chikhatho. "Ndipo batani, mwana wanga, limaoneka bwino m'mamawa, mwera ukuomba."